Kusandutsa luso lojambula ndi kulemba kukhala bizinesi kuno ku Chigwa cha Shire, osadana ndi mnzanu

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tili ndi achinyamata ambiri aluso amene amaika ntchito zawo pa Facebook, TikTok ndi YouTube. Wina amalemba ndakatulo, wina amajambula asodzi a ku dambo la Elephant Marsh, ena amapanga timasewero ta mphindi ziwiri m'Chisena kapena m'Chimang'anja timene timaseketsa ngakhale abale athu amene ali ku Joni. Luso lilipo, ndipo ndi lambiri. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi kuno ku Nchalo, ndaona magulu abwino akutha pa zifukwa ziwiri: kugwira ntchito yaulere mpaka kutopa, ndi kukangana ndalama yoyamba ikangolowa. Ndikudziwa anyamata atatu amene anajambula limodzi chaka chathunthu akudyera mbale imodzi. Mwini shopu wina atawapatsa ndalama yoti amutsatsire malonda, sabata isanathe anali atasiya kuyankhulana, ndipo tsamba limene anavutikira onse linatsala m'manja mwa mmodzi amene anasintha nambala yachinsinsi usiku anzake akugona. Zinandipweteka chifukwa anyamatawo anali ndi tsogolo.

Zimene ndikulembazi ndazisanja monga momwe ndikanachitira ndikanakhala kuti ndikuyamba lero.

Choyamba: sankhani chinthu chimodzi chimene anthu azikudziwirani

Anthu a kumtunda akamva za Chigwa cha Shire amaganiza za madzi osefukira ndi kutentha basi. Amakumbukira madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Makamera amatsika ku Thabwa pa nthawi ya tsoka, madzi akaphwa amakweranso. Zotsala zonse ndi zanu: msika wa ng'ombe wa ku Ngabu, alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata, thonje, mapira, mchewere, chitowe, magule a utse ndi valimba, mabwato owolotsa anthu ku Chiromo, nyama za ku Majete, ku Lengwe ndi ku Mwabvi, ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira. Munthu wa ku Lilongwe sangazijambule bwino zimenezi chifukwa sakhala kuno, ndipo sadziwa woti amupatse moni.

Tengani chimodzi kapena ziwiri, muzikakamire kwa miyezi isanu ndi umodzi. Muyeso wake ndi wosavuta. Wakabaza wa pa Dyeratu atafunsidwa za inu, athe kuyankha kuti, "Aa, ndi achemwali aja amajambula zophikaphika za kuno aja," kapena "ndi mnyamata uja amafotokoza mitengo ya mbuzi ndi ng'ombe uja." Ngati lero mwaika ndale, mawa mpira, mkuja ulaliki, wamalonda sangadziwe kuti akakulipirani uthenga wake ufika kwa ndani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chilankhulo chanu musachite nacho manyazi. Ngati agogo akufotokoza kaphikidwe ka nyika (mizu yodyedwa ya zomera za m'dambo) m'Chisena, asiyeni ayankhule Chisena chawocho, inu mulembe mawu a Chichewa m'munsi mwa kanemayo. Zimenezi n'zimene ena alibe.

Chachiwiri: dziwani zimene mumawononga musanatchule mtengo

Ambiri timatchula mtengo mwamantha, pongoyang'ana nkhope ya kasitomala. Tengani kope ndi cholembera. Tiyerekeze kuti mwini malo ogona alendo ku Bangula akufuna kanema wa mphindi imodzi, inu mukukhala ku Nchalo. Lembani minibasi popita ndi pobwera. Lembani kabaza, chakudya ndi madzi akumwa. Lembani bandulo yotumizira kanemayo, ndi ndalama yotchajitsa ngati magetsi azima. Kenako lembani nthawi: tsiku lojambula, ndi masiku amene mudzakhale pansi mukudula ndi kulumikiza, amene nthawi zambiri amaposa tsiku lojambula lija.

Pali chinthu china chimene pafupifupi aliyense amaiwala: foni imatha. Mwachitsanzo, ngati foni yanu munagula K360,000 ndipo mukuona kuti ikutumikirani miyezi 24, ndiye kuti mwezi uliwonse ikudya K15,000, kaya mwajambula kaya simunajambule. Ngati pamwezi mumapeza ntchito zitatu, iliyonse isenze K5,000 ya foniyo. Mukapanda kutero, tsiku limene idzathime mudzayamba kuyendayenda kwa abale ngati munthu amene sanagwirepo ntchito.

Mukaphatikiza zonsezi, ikani phindu lanu pamwamba. Umenewo ndiye mtengo. Pa kotesheni, pepala la mtengo limene mumapatsa kasitomala, lembani kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku 14 okha. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atalonjeza mitengo ya miyezi itatu kutsogolo anagwira ntchito yongobweza thiransipoti.

Kasitomala akati zakwera, musatsitse mtengo ntchito n'kukhala yomweyo. Chepetsani ntchitoyo. Muuzeni kuti, "Bambo, pa ndalama imene muli nayoyi ndingathe kukujambulirani zithunzi khumi, kanemayo tidzapange mukagulitsa thonje." Mwamulemekeza, komanso simunadzipweteke.

Chachitatu: yambani ndi ndalama imene ili pafupi

Achinyamata ambiri amalota ndalama za YouTube. Kuti muyambe kugawana nawo ndalama za malonda otsatsidwa pa makanema aataliatali, YouTube imafuna anthu 1,000 olembetsa kutsatira tsamba lanu ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, komanso ili ndi mndandanda wa mayiko amene imalola. Ndi ulendo wautali kwa munthu amene oonera ake ambiri amagula bandulo ya tsiku limodzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Amene angakulipireni mwezi uno ndi anthu amene mumakumana nawo pamsika: wogulitsa zipangizo za ulimi, mwini butchala, telala, sukulu ya mkaka imene ikufuna ana, kwaya imene yatulutsa nyimbo, banja limene likukonzekera chinkhoswe, ukwati kapena chiliza, kopaletivi imene ikufuna zithunzi zoika m'lipoti lake. Ambiri mwa iwowa tsamba lanu alibe nalo ntchito kwenikweni. Chimene akufuna ndi kanema wamfupi ndi zithunzi zoyera zoti aziike okha pa status ya WhatsApp. Choncho muli ndi katundu wamitundu iwiri: ntchito ya manja anu, ndi malo pa tsamba lanu. Chilichonse chikhale ndi mtengo wake.

Popita kwa wamalonda musamuuze kuti muli ndi otsatira angati n'kuthera pomwepo. Muonetseni ntchito. Ine ndinapeza kasitomala wanga woyamba wokhazikika nditajambula zithunzi zitatu za mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene ndinali nditamupempha kaye. Ndinamutumizira madzulo. M'mawa mwake anandiimitsa n'kunena kuti, "Achimwene, mchemwali wanga wa ku Limbe waziona, akuti ndimutumizire dengu lathunthu. Sabata yamawa mubwerenso, koma ulendo uno munene mtengo." Chitsanzo chimodzi chaulere n'chokwanira. Chachiwiri n'cholipira.

Dziwaninso nyengo za ndalama za kuno. Ku Nchalo ndalama imayenda kumapeto kwa mwezi, makamaka nyengo yodula nzimbe. Kumidzi imayenda anthu akagulitsa thonje ndi chitowe. Maukwati ndi ziliza zimachuluka m'chilimwe. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, misewu ina siidutsika, ndipo anthu amasunga ndalama ya ufa. Sungani za m'chilimwe kuti zikuwolotseni dzinja.

Mukalipidwa kuti mutamande katundu, nenani poyera kuti uwu ndi uthenga wamalonda. Ndipo pali zina zoti muzikana ngakhale ndalama yake ikhale yonona: mankhwala amene akuti amachiza matenda onse, anthu olonjeza kuchulukitsa ndalama, ndi olemba anthu ntchito zakunja amene alibe ofesi. Amene adzapwetekeyo ndi mnansi wanu, ndipo adzabwera pakhomo panu.

Chachinayi: mnzanu wogwira naye ntchito, ndi pepala limene muyenera kulemba ndalama isanabwere

Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito imeneyi n'zoonadi. Wojambula sangathe kugwira foni, kufunsa mafunso, kuyang'anira phokoso la mphepo ndi kukambirana mtengo nthawi imodzi. Koma posankha mnzanu musatenge amene amadziwa zomwe inu mumadziwa. Ngati ndinu wamanyazi koma dzanja lanu n'labwino pojambula, funani wapakamwa amene angalowe m'shopu n'kutuluka ndi oda. Ngati mumalemba bwino Chichewa, funani amene Chisena chili m'magazi. Ngati muli kutsidya lino la Shire, mnzanu wa ku East Bank, kaya ku Livunzu kaya ku Fatima, akupatsani nkhani zimene simukanazimva, komanso akupulumutsani ku ndalama zowolokera.

Musanapange gulu, yesanani pa ntchito imodzi yaing'ono imene ili ndi poyambira ndi pothera. Onani zinthu zitatu. Kodi amafika nthawi imene mwapangana? Kuno kujambula kwabwino ndi kwa m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, ndiye munthu wofika 10 koloko wakuphetsani tsiku. Kodi mukamutuma ndi ndalama amabweza chenji osafunsidwa? Kodi mukamuuza kuti apa sipanakome amamva, kapena amatupa?

Akapambana mayeso amenewa, khalani pansi pa mtengo ndi kope, mulembe zinthu izi musanalandire ngakhale tambala.

Tsamba ndi la ndani? Pa Facebook, munthu amene ali ndi ulamuliro wonse pa tsamba angathe kuchotsa anzake. Gwirizanani kuti aulamuliro wonse ndi ndani, nambala ya foni ndi imelo zimene zatsegulira tsambalo ndi za ndani, ndipo wina akachoka dzina la gulu litsala ndi ndani. Ngati tsambalo munaliyamba nokha mnzanuyo asanabwere, lembani zimenezo momveka, ndipo iye mumupatse mphamvu yoika zinthu chabe. Kunena zimenezi pachiyambi kumaoneka ngati kuuma mtima, koma kumawawa pang'ono kuyerekeza ndi kudzazinena pa tsiku la mkangano.

Ndalama izilowa kuti? Sankhani nambala imodzi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena akaunti ya kubanki, yolandirira za ntchito zokhazokha. Nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha munthu mmodzi, choncho mwalamulo ndi yake. N'chifukwa chake pafunika lamulo lakuti uthenga uliwonse wa ndalama yolowa autumize ku gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo. Ndalama ya ntchito isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Muzigawana bwanji? Njira imene yatithandiza ine ndi mnzanga ndi iyi. Ndalama ikalowa timayamba tabweza zimene aliyense anawononga, kaya thiransipoti kaya bandulo. Kenako timachotsa K10 pa K100 iliyonse kuika m'thumba la zipangizo. Kenako mwini foni kapena kamera imene yagwira ntchito amalandira kagawo kake ka chipangizocho, ngati kuti tachita kubwereka kwa munthu wina. Zotsalazo ndiye timagawana molingana ndi ntchito imene aliyense wagwira. Amene wapeza kasitomala amakhala ndi gawo lake, chifukwa kupeza kasitomala ndi ntchito. Amene wakhala usiku awiri akukonza kanema amakhala ndi gawo loposa amene anangoonekera mphindi imodzi. Manambala ake mugwirizane nokha, koma alembedwe. Kugawana pakati ndi pakati kumamveka kwachilungamo tsiku loyamba, koma pakatha miyezi itatu amene amagwira kwambiri amayamba kung'ung'udza mumtima.

Zipangizo zogula limodzi ndi za ndani? Lembani chilichonse, tsiku logula, mtengo wake, ndi amene anasonkha zingati. Lembaninso kuti chikawonongeka m'manja mwa mmodzi pa ntchito ya gulu chikonzedwa ndi thumba la gulu, koma chikawonongeka ku zake alipira yekha.

Mukasemphana adzakuweruzani ndani? Tchulani munthu mmodzi wamkulu amene nonse mumamulemekeza, kaya mphunzitsi, kaya mkulu wa mpingo, kaya malume a mmodzi wa inu amene winayo akuwavomereza. Iyeyo asayine ngati mboni. Aliyense ajambule pepalalo ndi foni yake.

Ndiwonjezere mawu kwa amene mukugwira ntchito ndi m'bale wanu kapena wokondedwa wanu: pepalali likufunika kwambiri kwa inu kuposa kwa ena onse, chifukwa inu mukakangana nkhani imafika mpaka kwa ankhoswe ndi kwa makolo.

Mgwirizano wina ndi wa tsiku limodzi, monga kujambula limodzi ndi mnzanu wa tsamba lina kuti otsatira anu adziwane. Pamenepo simufunika kope, koma tumiziranani uthenga wolemba: kanemayo aikidwa pa tsamba la ndani poyamba, tsiku liti, dzina la winayo lilembedwa pati, ndipo wamalonda akadzaufuna ndalama idzagawidwa bwanji. Musaderere mawayilesi a m'madera. Iwo amafika kwa agogo amene alibe foni ya intaneti, inu mumafika kwa ana awo amene ali m'tauni, ndiye mukhoza kugulitsira wamalonda mmodzi zonse ziwiri pamodzi.

Chachisanu: dipoziti

Theka la ndalama musananyamuke, theka lotsalalo musanapereke ntchito yomaliza. Poonetsa kasitomala, mutumizireni kanema amene ali ndi dzina lanu lolembedwa pakati, woyera adzalandire akamaliza kulipira. Nenaninso kuti kukonza zolakwika ndi kawiri, kachitatu n'kolipira. Achibale ndi akumpingo ndi amene amavuta pa nkhani ya dipoziti. Auzeni mwaulemu kuti, "Amalume, imeneyi ndi ya thiransipoti ndi bandulo, popanda imeneyi sinditha kufika." Nthawi ya kampeni, andale alipire zonse ntchito isanayambe.

Chachisanu ndi chimodzi: kupempha chilolezo

Mudzi uli ndi eni ake. Mukafika kumene simukudziwika, yambani mwaonekera kwa a nyakwawa, foni ili m'thumba. Khalani pansi, perekani moni, nenani kumene mwachokera ndi kwa makolo anu, kenako fotokozani: "A mfumu, tabwera kudzapempha kuti tijambule amayi amene amawumba mbiya kuno. Zithunzizi tikaziika pa intaneti, anthu a kutali akaziona. Si za bungwe, ndipo sitikulemba maina a thandizo." Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri kuno kwathu. Anthu anazolowera kuti wobwera ndi kamera ndi kope akulemba kaundula wa ufa kapena malata, ndipo mukapanda kunena zoona pachiyambi, adzakuyesani kuti munadya thandizo lawo.

Chilolezo cha mfumu sichilowa m'malo mwa chilolezo cha munthu amene mukumujambulayo. Mufunseni, ndipo kuvomera kwake mukujambule pa kanema pomwepo. Mukamaliza muonetseni. Agogo ena a ku Tengani nditawaonetsa chithunzi chawo anati, "Mwanawe, ichi ayi, ndili ndi nsalu yakumunda. Dikira ndikavale." Ndinadikira, ndipo chithunzi chachiwiricho n'chimene ana awo anachisindikiza n'kuchipachika m'nyumba. Ana musawajambule popanda kholo lawo. Ndipo ngati kanema wa gule wabweretsa ndalama, ovina ndi oyimba ng'oma alandireko. Iwo ndi amene anatuluka thukuta.

Pa nthawi ya madzi osefukira, ganizani kawiri. Mayi amene wataya nyumba ndipo wakhala pa msasa ndi chitenje chimodzi ndi munthu amene mudzakumane naye pachigayo chaka chamawa. Jambulani zimene zachitika, dziko lidziwe, koma maliro, matupi a anthu ndi ana amaliseche zisiyeni.

Malo ena ali ndi malamulo awoawo. Ku Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, simungangolowa ndi foni m'manja. Funsani osunga malowo ndipo mutsate zimene akuuzani, akakana mwakanidwa. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003, komanso ku Lengwe, ngati mukujambula zoti mukagulitse kapena mukufuna kuulutsa kandege kojambulira (drone), yambani mwafunsa ku ofesi. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa intaneti. Mphekesera ya pamsika yokhudza munthu musaiike pa tsamba musanamve mbali yake.

Chachisanu ndi chiwiri: alendo ochokera kumtunda, ndi umwini wa ntchito yanu

Mukayamba kudziwika, mudzalandira mafoni a mabungwe, atolankhani ndi ojambula a m'tauni. Ena ndi anthu abwino kwambiri ndipo angakutsegulireni zitseko. Koma dziwani chimene akugula. Freddy atadutsa, munthu wina wa bungwe lina anandipempha zithunzi zisanu pa WhatsApp, akuti angoonetsa abwana ake. Patapita miyezi ndinaziona m'kabuku kawo kopemphera thandizo, popanda dzina langa, popanda kalikonse. Zithunzizo ndinazijambula nditayenda m'matope ofika m'mawondo.

Chiyambire pamenepo ndimafunsa mafunso anayi ndisanatumize: muzigwiritsa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, dzina langa lilembedwa pati, ndipo mulipira zingati. Yankho likhale lolemba. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zolemba, zithunzi, nyimbo ndi makanema, ndipo bungwe la COSOMA limathandiza aluso pa nkhani za umwini wa ntchito zawo m'dziko muno, choncho ndi bwino kulifunsa za umembala. Kubwereketsa chithunzi kuti chigwire ntchito m'lipoti limodzi n'kosiyana ndi kuchigulitsa chonse. Mukaona m'kontirakiti mawu akuti umwini wonse ukupita kwa iwo mpaka kalekale, mtengo ukwere, apo ayi akonze mawuwo. Sungani chithunzi choyambirira chimene chinatuluka m'foni mwanu, chifukwa ndiwo umboni wanu.

Akakupemphani kuti muwaperekeze kumidzi, muwamasulire Chisena, muwapezere anthu oti acheze nawo, imeneyo ndi ntchito ya tsiku yokhala ndi mtengo wake. Chakudya chamasana ndi kukwera galimoto yawo si malipiro. Popanda inu sakanadziwa njira ya ku Makhanga, ndipo iwo akapita, amene mudzatsale mukuyankha mafunso a anthu a m'mudzimo ndinu.

Lamulo lomweli likukumangani inunso. Nyimbo ya woyimba wina musaiike mu kanema wamalonda musanamupemphe. Facebook ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu a kanema wotero, kasitomala n'kukubwererani. Njira yabwino ndi kugwirizana ndi woyimba wa kwanu konko, kaya woyimba valimba kaya mnyamata wopanga mabiti, mumulipire pang'ono ndi kumulemba dzina.

Chachisanu ndi chitatu: mapepala a boma ndi kope la ndalama

Wogulitsa nsomba sadzakufunsani lisiti, koma bungwe, sukulu kapena kampani idzafuna kotesheni, invoisi ndi nambala ya msonkho. Ntchito ikayamba kubwera mwezi ndi mwezi, lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkhoyo ku MRA, ndipo mutsegule akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo. Mabungwe ambiri amadula msonkho wa withholding tax asanakulipireni. Funsani pachiyambi ngati mtengo umene mwagwirizana ndi wodulidwa kale kapena ayi, ndipo mutenge chikalata chosonyeza kuti adula.

Kope la ndalama likhale ndi mizere inayi yokha: tsiku, zalowa, zatuluka, chifukwa. Za ngongole, ndinganene izi: musatenge ndalama ku banki m'khonde kukagula kamera musanakhale ndi makasitomala obwerezabwereza, chifukwa chiwongoladzanja chake chimathamanga mwezi ndi mwezi pamene maukwati amadikira chilimwe. Mukapeza kandalama koyamba gulani kamaikolofoni kokoleka pa malaya, kenako pawabanki, kenako choimikira foni. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu odzaza mphepo amangodutsa.

Chachisanu ndi chinayi: kutentha, fumbi ndi madzi

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo foni ikamajambula padzuwa imatentha mpaka kukana kugwira ntchito. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, chotsani chikuto cha foni, ndipo musaitchaje uku mukujambula. Ntchito ya kasitomala isungidwe malo awiri tsiku lomwelo, m'foni ndi pa memori khadi kapena fulashi imene ikugona kunyumba ina. Zofunika kwambiri zikwezeni pa Google Drive pamene netiweki ili bwino. Dzinja likayandikira, fulashi, kope la mgwirizano ndi ziphaso zikhale m'pulasitiki womanga bwino, pamalo okwera. Potumiza zithunzi kwa kasitomala pa WhatsApp, zitumizeni ngati document kuti zisafooke.

Tsiku losiyana

Magulu amatha ngakhale popanda mkangano. Wina amapeza ntchito ku Blantyre, wina amakwatiwa ku Mwanza, wina amapita kusukulu. M'kope muja lembanimo kuti wofuna kuchoka anene mwezi umodzi nthawi isanakwane. Mwezi umenewo malizani ntchito zonse zimene munalandirira dipoziti, tolerani ngongole zimene makasitomala ali nazo, ndipo thumba la zipangizo ligawidwe molingana ndi zimene aliyense anasonkha. Chipangizo chimene munagula limodzi, wotsalayo agule gawo la mnzake pa mtengo wa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito, ngakhale molipira pang'onopang'ono. Makanema akale akhalebe pa tsamba ndi maina a onse amene anawapanga, ndipo wochokayo atenge makope a makanemawo kuti azikaonetsa kumene akupita. Zikatha izi, itanani mboni ija, sinthani nambala zachinsinsi nonse muli pomwepo, ndipo makasitomala muwauze limodzi, ndi uthenga umodzi, kuti kuyambira tsiku lakuti aziimbira nambala iti.